Dontho la Uchi Pamwezi

Padangokhalatu Mayi Njuchi, amene ana awo ankadzilembera okha antchito. Uyu Nyerere, uyo Chikumbu, aliyense dontho la uchi pamwezi. Pofika nyengo yozizira, zisa zinali zitauma, makanda akulira.

"Tiwapirikitse onse!" anakalipa Mavu, mlonda wapakhomo.

"Ayi achimwene, tiwafunse kaye," anatero Mayi Njuchi.

Pakhonde limodzi anapezapo osesa asanu, nasungapo mmodzi. Mkati anapeza Chikumbu wokalamba akupukuta chipinda chosagonamo aliyense.

"Anakulembani ndani, bambo?"

"Mwana wanu Nachisale, mayi. Sanandiuze kuti ndileke."

Nachisale anali atamwalira dzinja lapitalo. Mayi Njuchi anawapatsa bambowo dontho lomaliza, nawaperekeza mpaka panja.

Chaka chimenecho makanda anakhuta.