Chinangwa Chimene Anyani Anachikana

Panali munthu wina ku Katete, dzina lake Tobias, amene ntchito yake inali yonyamula anthu pa njinga kuchokera pamsika kupita kumidzi ya ku Mkaika. Banja lonse linkadya chifukwa cha miyendo yake iwiriyo. Nkhaniyi ndaimva kwa mlamu wake weniweni, ndiye musati ndikupeka.

Tobias anali atayamba kutopa pazitunda, ndipo njinga zamoto zinkamulanda makasitomala. Tsiku lina pamsika panafika mlendo wovala jasi yoyera, ali ndi kasipika m'manja. Ankadzitchula Dokotala Mathews. Kumene anachokera palibe ankadziwa. Uyu amuuze Lusaka, uyo amuuze Tete. Ine munthu wa kwawo kuwiri sindimukhulupirira, koma anthu anamuunjirira.

"Makolo athu sankadwala!" ankakuwa motero. "Azungu atulukira chinsinsi, akuchitcha paleyo. Siyani nsima, siyani nyemba, siyani nsawa. Idyani nyama, zipatso ndi mizu monga zachokera m'nthaka."

Tobias anamukokera pambali. "Adokotala, nyama tsiku lililonse ine sindingakwanitse. Nanga mphamvu m'miyendo ndizipeza bwanji?"

"Muli ndi chinangwa?"

"Chilipo, koma chowawa. Apongozi atitumizira matumba awiri kuchokera ku Vubwi."

"Ndiye mwalemera, bambo! Kuwawako ndiwo mankhwala. Koma musachiviike m'madzi. Azimayi akachiviika amataya mphamvu yonse."

Atafika kunyumba, Tobias anapeza mkazi wake Vainess atasenda chinangwa n'kuchiviika mumgolo. Anachivuula chonse.

"Atate ake Tamara, mwatani kodi? Chalowa m'madzi lero lomwe. Chifunika masiku anayi, kenako tichiyanike."

"Mukutaya mankhwala inu. Adokotala anena."

"Adokotala a chipatala chiti? Munaona pepala lawo? Kwathu ku Vubwi timabzala chowawachi dala chifukwa anyani ndi nguluwe sizichikhudza. Chimene nyani wakana, inu mudye chosaviika?"

"Amake Tamara, za sayansi simungazimve. Uku n'kudya kwa makolo."

"Makolo ati? Amayi anga amaviika, agogo anga ankaviika. Kapena makolo a adokotala anuwo ndi ena?"

Tobias sanamve. Aa, mwamuna akamva zapamsika, zapakhomo zimasanduka phokoso! Anayamba kudzikonzera yekha. M'mawa chinangwa chongofutsa pang'ono, masana chinangwa, madzulo chinangwa. Nsawa zinali tho m'nkhokwe, iye osazikhudza. Nyemba akaziona ankatembenuza nkhope. Vainess anangoonetsetsa kuti ana asalawe ngakhale kachidutswa.

Sabata yachiwiri mutu unayamba kumuwawa Tobias, chizungulire, kusanza. Anaimbira foni Mathews uja.

"Osadandaula," anayankha. "Ndi zoipa zikutuluka m'thupi. Onjezerani."

Tamvani zimenezo! Munthu akusanza, wina akuti onjezerani.

Masiku omwewo Judith, mng'ono wake wa Vainess, anapita ku Sinda kukagulitsa nsawa. Atalowa m'kalesitilanti kena, anamupeza dokotala uja atavula jasi, akumenya nsima ya nyemba, n'kuitanitsanso ina. Judith anamujambula pafoni, madzulo n'kukaonetsa mlamu wake.

"Alamu, taonani paleyo wa adokotala anu."

Tobias anayang'ana kanthawi. "Anthu amafanana," anatero, n'kubweza foni. Manyazi ovomera kuti wapusitsidwa ndi amene anamumaliza.

Sabata yachisanu, m'mawa wina, ananyamula mayi wina ndi thumba la chimanga kupita ku Mkaika. Anafika bwinobwino. Koma potsika pa njinga, miyendo inakana. Inauma gwa, ikunjenjemera, mawondo akugundana. Anayesa kuponda, chidendene osafika pansi. Anagwa pamaso pa kasitomala wake.

Kuchipatala adokotala enieni anafunsa zimene wakhala akudya. Vainess anafotokoza zonse, misozi ili mbwembwembwe.

"Chinangwa chowawa chili ndi poizoni," anatero adokotala. "Kuviika ndi kuyanika ndi kumene kumamuchotsa. Ndiponso thupi limalimbana naye bwino likamalandira zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsawa, mazira kapena kapenta. Bambowa anadya poizoni, n'kusiyanso zomwe zikanawateteza."

"Ndiye mankhwala ake ndi ati?" anafunsa Tobias.

Adokotala anati, "Tikuphunzitsani kuyenda ndi ndodo, bambo. Mitsempha ikaonongeka chonchi siibwerera."

Tobias anaimba nambala ya Mathews, sinalowenso. Pamsika ena anati amuona ku Vubwi ndi kasipika kake, atasintha dzina. Mwina panopa ali pamsika wa kwanu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti njinga ija ikadalipo. Lachiwiri lililonse imadutsa pamsika wa Katete kupita kuchipatala. Vainess ndi amene amapalasa. Tobias amakhala kumbuyo, pa khushoni yomwe anasoka yekha kuti makasitomala ake azikhala bwino, ndodo zake ziwiri atazipingasa pamiyendo.

Phunziro: Kudya zachilengedwe n'kwabwino, koma si chilichonse chochokera m'nthaka chimene chimadyedwa monga chilili. Makolo amene akutchulidwa pamsikawo ankaviika chinangwa, ankaphika, ankasakaniza zakudya. Mlendo akakuuzani kuti musiye chakudya chapakhomo kapena kuti kusanza ndi kuchira, mufunseni chipatala chake, kenako mukafunse kuchipatala chenicheni. Ndipo abambo, mkazi wanu akakuchenjezani za chakudya, mverani. Tumizani uthengawu kwa abale anu ndi m'magulu onse amene muli, wina asanavuule chinangwa mumgolo.