Nyumba ya ku Nathenje

Felesiya anagogodanso chitseko, ulendo uno ndi chibakera. Anali atanyamuka ku Mitundu m'mamawa, ndipo fumbi la panjira linali lidakali m'mano.

Nyumbayi inali ya malemu amuna ake, a Pitala, omwe ankati anaikamo munthu wa lendi. Atamwalira, khoti linasankha anthu awiri oyendetsa chuma chamasiye: Felesiya ndi mlamu wake Efulemu. Apo m'pamene panayambira mutu waching'alang'ala.

Chigayo cha ku Mitundu, chomwe chinkadyetsa ana, chinafa injini. Felesiya anafuna kugulitsa nyumbayi kuti achikonze, koma Efulemu anakana kusaina. Lero akuti mawa, mawa ali kumaliro, mkuja foni sikupezeka. Felesiya akati akaonane ndi wa lendiyo, yankho linali limodzi: "Musavutike alamu, ndimapitako ndine." Nanga lendiyo ili kuti? Zii.

Felesiya sanali mwana. Munthu wozemba chonchi ndiye kuti akudya yekha. Anatopa nazo n'kubwerera kukhoti, komwe anapondaponda mpaka nsapato kuperepeseka, ndipo pamapeto pake Efulemu anachotsedwa. Tsiku la chigamulo bamboyo sanadziteteze n'komwe. Anangoti, "Alamu, ku Nathenje kokhako musapiteko." Mawu amenewo anangothira mafuta pamoto.

Chitseko chinatseguka. Panatulukira mayi wa imvi zapatalipatali, m'manja muli lichero la nyemba. Nkhopeyo Felesiya anaionapo pamaliro, kumbuyo kwenikweni, koma pamaliro pamafika aliyense.

"Ndine Mayi Pitala, eni nyumba ino," anatero Felesiya, moni osapereka. "Amene ankakutetezani uja khoti lamuchotsa. Mwezi uno ukamatha mukhale mutasamuka."

Mayiyo anaika lichero pansi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosapupuluma.

"A Efulemu mwawachotsa? Ndiye mwandithandizatu, mayi. Chimwalirireni bambo, alamu amenewo akhala akundigwira mwendo kuti ndisapite kukhoti. Ati ku Mitundu kuli ana ang'onoang'ono, chigayo ndiwasiyire, ndipo bola iwo akuyendetsa nawo chumacho nyumba ino palibe adzaikhudze."

Anapukuta manja pachitenje.

"Mayi Pitala wa ukwati wa kutchalitchi ndine. Tsogolani, ndikupezani konko tikachione chigayocho."