Mbale ya Kambendera Kobiriwira

Mbale itangotera patebulo, a Sipanala anaiyang'ana ngati galimoto yofera panjira. Pakati pake panabayidwa kambendera kobiriwira, chizindikiro cha chakudya cha odwala pasitimapo. Pansi pa kambenderako panali chinthu choyera, chosadziwika mutu ndi mchira, chomira mumsuzi woyeranso.

"Dokotala anati mchere ayi, mafuta ayi, shuga ayi," anatero mwana wawo wamkazi. "Akukhitchini ndawauza zonse. Idyani, ababa."

A Sipanala, makaniko wopuma pantchito, sankataya mawu. Anangoti, "Mm."

Ulendo wa pasitima yapamadzi imeneyi, yaikulu ngati tauni, unali mphatso ya mwanayo, koma mphatso yake inali ndi mchira. Asanakwere anapangana kuti tsiku lomaliza namwino wa pasitima adzawayeza bipi. Ikadzapezeka yokwera, adzatseka nyumba yawo, momwe ankakhala okha chimwalirire mayi a ana, n'kusamukira m'kachipinda ka kuseri kwa mwanayo, kunyumba kumene mchere amautsekera m'kabati ngati mfuti.

Kumanja kwawo kunakhala mkamwini, munthu wofatsa ngati nkhosa yonyowa. Pambale pake panagona nkhuku yowotcha, yofiirira bwino, yothiridwa adyo, tsabola ndi mandimu. Fungo lake linawakoka a Sipanala mphuno mpaka khosi linapindika.

Mwana uja anadzuka, akuti akajambule nyanja.

Chitseko chitangotsekeka, a Sipanala anakankha mbale yawo ndi chala chimodzi n'kukoka ya mkamwini. Anazula kambendera n'kukabaya pantchafu ya nkhuku. Mkamwini anayang'ana apongozi ake. Munthu woleredwa bwino salimbirana mbale ndi amene anamupatsa mkazi.

"Zikomo, apongozi," anatero, nayamba kudya choyeracho atazyolika.

Nkhuku ija inasungunuka m'kamwa. A Sipanala anatsinzina. Chiyambireni kumwa mapiritsi anali asanalawe chinthu chokoma chotere. Mwana atabwerera anaona kambendera pamaso pa bambo ake, anagwedeza mutu mokhutira, n'kubwezera maso pafoni. Ana amasiku ano, anaganiza a Sipanala, foni inawadya maso.

Zinapitirira choncho m'mawa, masana ndi madzulo. Mbale zikangofika, mwana ankapita kukajambula nyanja, yomweyomweyo ya dzulo, ndipo chala cha a Sipanala chinkagwira ntchito yake. Anadya nsomba yowotcha, nyama ya mphodza, mazira a anyezi. Mbale ya kambendera sanailawe n'kamodzi komwe. Makaniko weniweni salawa oyilo kuti adziwe kuti watha ntchito.

Mkamwini yekha ndiye ankawamvetsa chisoni pang'ono. Mnyamatayo ankamaliza chakudya cha odwalacho mpaka kupukuta mbale ndi buledi, thukuta lili kamukamu, osadandaula. Ulemu wotere suonekaoneka. A Sipanala anatsimikiza mumtima kuti bokosi lawo la zitsulo adzamusiyira iyeyo.

M'mawa wa tsiku lomaliza mantha anawapeza. Namwino analowa m'chipinda chodyeramo atanyamula kamakina koyezera, ndipo a Sipanala anakumbukira mpando wawo wa pakhonde, makina osokera a malemu ovundikiridwa ndi nsalu, ndi chitseko chimene ankatseka nthawi imene afuna. Zonsezo anazigulitsa ndi ntchafu ya nkhuku. Anagwira jagi ya madzi n'kuyamba kupapira, kuti mwina mchere usukuluke usanagwidwe.

Namwino anawamanga lamba pamkono. Lambayo anafufuma, anafinya, n'kuphwa. Mayiyo anayang'ana manambala, anagogoda kamakinako, n'kuyezanso.

"Agogo, bipi iyi ndi ya mnyamata wosewera mpira."

Mwana anaombera m'manja. Pangano ndi pangano, anatero, nyumba ikhala yawo.

A Sipanala anawongola msana. Mtima unawayabwa. Kupambana mobisa n'chimodzimodzi kuvina mumdima. Analoza mkamwini ndi chibwano, kuti namwino amuyezenso. Mkamwini anakana mwaulemu, koma mkono unali utagwidwa kale.

Kamakina kanalira ngati mwana wa mphaka. Namwino anavula magalasi n'kumufunsa mnyamatayo ngati akuona bwinobwino, ndiponso ngati sakumva kulira m'makutu.

Apa a Sipanala anaimirira, nayankhula mawu ambiri kuposa onse a chaka chimenecho. Anaulula zonse, za chala, za kambendera, za nyanja yojambulidwa. Anthu a matebulo oyandikana anasiya mafoloko.

"Uyu wadya za dokotala ulendo wonse, taonani alili. Ine ndadya zake, ndine mnyamata wa mpira. Ukamuuze dokotala wakoyo kuti mchere ndi mankhwala."

Anakhala pansi n'kupinda manja, kudikira kuti mwana akalipe.

Mwanayo sanadzutse ngakhale mutu pafoni. "Ndinakulira m'nyumba mwanu, ababa. Ndinawauza akukhitchini kuti chakudya cha dokotala aziika pamaso pa mkamwini wanu, kambendera azibaya pambale ya batala ndi mchere n'kuiika pamaso panu."

Mkamwini anamasula lamba wa thalauza, n'kufunsa motsitsa mawu ngati sitimayi singazungulirenso kamodzi.