Uchi wa M'chubu cha Kumanzere

Mungalote kodi kuti uchi wamadzimadzi umene unali m'chubu cha kumanzere unali wa ndani? A Goodman Makina, wapampando wa kalabu ya alimi a njuchi, sanavutike n'kulota. Yankho anachita kubwera nalo kuchokera kunyumba.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Mu labotale ya sukulu ina ya sekondale pafupi ndi Boma la Phalombe munali anthu atatu: a Makina, Mayi Rozaria a ku Nkhulambe, ndi mphunzitsi wa sayansi, Mayi Edina, amene anapemphedwa kuti athetse mkangano wa awiriwo.

Mkanganowo unali utatenga mwezi. Tsiku lililonse losonkhanitsa uchi, Mayi Rozaria ankapalasa njinga mtunda wautali, mabotolo ali pakaliyala osaphimba, n'kufika masana. A Makina akapendeketsa botolo la mayiwo, uchi unkathamanga ngati mafuta ophikira. Wa a Makina eni ake, umene ankausunga kunsi kwa bedi m'chipinda chozizira bwino, unkayenda monyinyirika.

"Mayi awa amathira madzi," anatero a Makina pamsonkhano.

Lamulo la kalabu linali lachidule: wothira madzi mu uchi achotsedwe. Ndipo wochotsedwa sakanagulitsanso kwa wamalonda wa ku Blantyre amene ankagula uchi wonse wa kalabu pamodzi. Ming'oma isanu ndi umodzi ya Mayi Rozaria ikanangosanduka zokongoletsa mitengo.

Mabotolo oti ayesedwe anatumizidwa kusukuluko dzulo lake. La a Makina linali lalikulu, la chivindikiro chofiira. La Mayi Rozaria linamangidwa pakhosi ndi kansalu kobiriwira, monga ankachitira ndi mabotolo awo onse.

Tsopano patebulo lalitali panaima machubu awiri agalasi, ofanana msinkhu, onse odzaza uchi. Cha kumanzere chinali kumapeto kwa tebulo, pazenera loyang'ana kum'mawa. Cha kumanja chinali pamthunzi wa kabati. Pofika patebulopo a Makina anapunthwa pa beseni la madzi limene linali kunsi kwake, koma sanaliyang'ane. Maso awo anali pa machubu.

Mayi Edina anafotokoza modekha. Chubu chilichonse chinali ndi mizere iwiri, wina pamwamba, wina pansi. Ankaponyamo kampira kachitsulo, konga ka m'gudumu la njinga, n'kuwerenga pawotchi masekondi amene kampirako katenge kuchoka pamzere wapamwamba kufika wapansi. Uchi ukakhala wolimba, kampira kamachedwa. Ukakhala wamadzimadzi, kamafulumira.

"Koma tisanayambe mlandu wanu, ndikufuna muone kaye kanthu kena," anatero mphunzitsiyo, akutola kachipangizo koyezera kutentha.

"Aphunzitsi, kameneko kasiyeni," anaseka a Makina. "Uchi sudwala malungo. Tipatseni timipirato."

Anatola kampira kamodzi, n'kukaponya okha m'chubu cha kumanja. Mayi Edina anangodina wotchi. Kampira kanatsika pang'onopang'ono, ngati kakuganiza zobwerera.

"Masekondi 36."

"Mwaona? Uchi ndi umenewo," anatero a Makina, akudzisisita pachifuwa. "Ukuyendetsa chitsulo ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi."

Anapita kumanzere, n'kuponyanso kena. Kampira kanangoti phi, n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Masekondi 8."

"Akaka ndiye kakuthamangira minibasi ya ku Limbe."

Mayi Rozaria anapotokola nsonga ya chitenje chawo m'manja. Masamu a kusukulu sankawadziwa, koma kusiyana kwa 8 ndi 36 anakumvetsa bwino lomwe.

"A tcheya, ine madzi ndimathira kudimba," anatero motsitsa mawu. "Mu uchi sindinathirepo ndi dontho lomwe."

"Musandiuze ine, mayi. Uzani chitsulochi."

Pofuna kuonetsa kuti iwo ndi munthu wachilungamo, a Makina anabwereza kawiri. Zotsatira sizinasinthe. Kumanja kampira kankazengereza, kumanzere kankachita liwiro.

"Bambo Makina, mukanandilola kuti ndimalize zija ndinayamba," anatero Mayi Edina.

"Mwamaliza kale, aphunzitsi, ndipo mwagwira ntchito yotamandika. Sayansi ikayankhula, ife ndife yani?"

Anatulutsa buku la kalabu m'chikwama, nanyambita chala, n'kutsegula tsamba latsopano. Analemba ndi zilembo zikuluzikulu, akuwerenga mokweza kuti aliyense amve: "Mwini uchi wa m'chubu cha kumanzere wachotsedwa m'kalabu kuyambira lero. Sadzaloledwa kudandaula." Anasaina, n'kudinda chidindo, n'kuchiuzira mpweya kuti inki iume msanga.

"Mwatsimikiza?" anafunsa Mayi Edina.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikufula njuchi. Uchi wothira madzi ndimaudziwa ngakhale nditatsinzina."

Mphunzitsi uja anaviika kachipangizo kake koyezera kutentha m'chubu cha kumanja, n'kuwerenga. Anakaviikanso kumanzere, n'kugwedeza mutu akumwetulira. Kenaka anawerama, nakoka beseni lija kunsi kwa tebulo. M'menemo munali botolo limene analiika m'madzi kuti lizizire lisanayesedwe. Analiimika patebulo, pafupi ndi buku la a Makina. Linali lodzaza mpaka m'khosi, kansalu kobiriwira kali komangidwa monga mwini wake anakamangira. Pambali pake anaikapo botolo lalikulu la chivindikiro chofiira, lopanda kanthu.

Mayi Rozaria anayang'ana mabotolo, nayang'ana zenera, n'kubisa kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Uchi wawo unali usanatsegulidwe n'komwe. M'machubu onse awiri munali uchi wa a Makina. Cha kumanzere chinangokhala padzuwa kuyambira m'mawa, uchi n'kusungunuka ndi kutentha.