Intaneti yomwe inkathawa m'mawa uliwonse

Panali mayi wina, ndipo akuti zinachitikadi, amene anali ndi kashopu ka intaneti ndi kupirinta. Pa kauntala ankakhalapo mwana wa mchimwene wake, mtsikana wofatsa wongomaliza sukulu kumene. Inali ntchito yake yoyamba.

Mlamu wake wa mayiyu anali wolumikiza manetiweki. Iyeyo ndiye anaika rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, pamwamba pa kabati m'chipinda cha kuseri. Pa kompyuta ya pa kauntala anaikapo pulogalamu.

"Alamu, iyi ndi mlonda wanu. Rauta ikazima imalira, n'kujambula mzere wofiira wosonyeza kuti yazima liti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Muziyang'anako."

"Za masukulu zanuzo," anatero mayiyo. Italira kawiri, anauza mtsikana uja kuti aitseke pakamwa.

Kenaka intaneti inayamba kuthawa m'mawa uliwonse. Makasitomala ankakalipira mtsikanayo. Mayi akatuluka kuseri ndi kapu ya tiyi n'kuyesa okha, inkagwira bwinobwino.

"Si iyi ikugwira? Iwe umangodinadina zinthu zosazidziwa!"

"Azakhali, sindinakhudze kanthu."

"Ndiye imaopa nkhope yako?"

Tsiku lina mphunzitsi wina analephera kutumiza mayeso, anachoka akulumbira kuti sadzapondanso. Mayi anapsa mtima. Anauza mtsikanayo kuti alongedze, abwerere kwa bambo ake. Anaitana mlamu wake kuti adzamuphunzitse kukhala pa kauntala yekha.

M'mawa mwake mlamu anafika, chikwama cha mtsikana chili kale pakhomo. Mayi anapita kuseri kukateleka tiyi wa mlendo. Pobwera anapeza mlamuyo atatsegula pulogalamu ija.

"Alamu, taonani. Mizere yofiira tsiku ndi tsiku, ola lomwelomwelo, yonse yaifupi mofanana. Koma sabata imodzi iyi ya m'mbuyomu mulibe. Munali kuti?"

"Ndinali kuchipatala, kudwazika amayi."

"Shopu munasiyira ndani?"

Mayi anayang'ana mtsikana uja.

"Eee, nanga uwu? Mzere wina ukuyamba pompano!" anadabwa mlamuyo. "Alamu! Mwatani kuseriko?"

"Palibe, ndangoika ketulo."

Onse atatu analowa kuseri. Soketi inali imodzi yokha. Ketulo ikuwira, pulagi yakuda ya rauta ili lende pansi pa kabati.

"Ndimayesa ndi ya wailesi yakale," anatero mayiyo chapansipansi. "Madzi akawira ndimaibwezera."

Anakhala pansi, manja ali pakamwa. Akanathamangitsa mwana wa mchimwene wake chifukwa cha tiyi wake yemwe! Anadzuka, n'kukatenga chikwama chija yekha, n'kuchibwezera mkati. Kapu yoyamba anathirira mtsikanayo, anamupatsa ndi manja awiri.

"Mwana wa achimwene, undikhululukire. Alamu, mwandichotsa manyazi aakulu. Zikomo, Mulungu akudalitseni."

"Musathokoze ine," anaseka mlamuyo. "Thokozani mlonda munam'tseka pakamwa uja. Anasiya kulira, koma sanasiye kuona."

Mtsikana anapukuta misozi, n'kufunsa mwamanyazi: "Azakhali, ndiitsegule pakamwa?"

"Tsegula mwanangu. Izilira mpaka ku msewu."

Phunziro: Wokuchenjeza usamutseke pakamwa chifukwa choti akusokosa. Usanaloze chala mwana wa mwini, yamba wafufuza, mwina wozula pulagi ndiwe wemwe. Ndipo wakuonetsa choona umuthokoze. Atumizireni anzanu, mwina lero kwina kuli chikwama pakhomo.