Wamakhadi wa Lachinayi

A Isogai, nkhalamba yodwala ya pabedi loyandikana, anali atayalanso makhadi awo pabulangete, ndipo Mayi Tsuruta, amene ankasenda nachesi pambali pa bedi la amuna awo, anadziwa kuti lafikanso Lachinayi. M'wodi ya anthu anayi simubisika kanthu. Katani amatchinga maso okha, makutu amagwirabe ntchito.

Makhadi onsewo anali a munthu mmodzi, Masato, mwana yekhayo wa a Isogai, amene anapita ku America kukaponya mpira wa besibolo. Pa khadi lililonse panali mnyamata wochepa thupi, chipewa chili m'maso, mwendo uli m'mwamba. Mkuluyo ankaiwala ngati wadya, ankaiwala dzina la namwino, koma ukangoloza khadi ankakuuza timu, nambala ya jezi ndi momwe masewerowo anathera. Kwa iwo Masato anali akuponyabe, ngakhale makhadiwo anali a zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo.

Miyezi inayi Mayi Tsuruta akubwera m'chipatala cha mumzinda wa Morioka kudzadwazika amuna awo, sanamvepo kuti mwana wa a Isogai wafika, kapena waimba foni. Amene ankabwera anali wamakhadi basi, bambo wadazi, wamimba, wonyamula kachikwama kakuda. A Isogai sankavutika n'kudziwa dzina lake. Ankangoti, "Wamakhadi, wabweretsa chiyani lero?" Iye n'kuwerama, n'kukoka mpando.

Okonda makhadi ali ndi kachitidwe kawo. Umaika khadi mu envulopu pamodzi ndi envulopu ina yolembedwa adiresi yako, n'kutumiza kutimu. Wosewerayo akakoma mtima amasaina, n'kubweza. A Isogai ankachita zimenezi kwa mwana wobereka okha, ankaikamonso kakalata. Wamakhadi ankatenga n'kuti akaponya kupositi, ndipo pakatha masabata awiri ankabwera ndi yankho, ati lafikira kusitolo kwake. Mkuluyo ankalandira ndi manja awiri, n'kuonetsa wodi yonse dzina losainidwalo, nkhope ili ngwee.

Apa m'pamene panali vuto. Mayi Tsuruta anagwira ntchito kupositi zaka makumi atatu, ndipo kalata yowoloka nyanja ankaidziwa ili patali. Imabwera yotopa, makona atapindika, chidindo chili pasitampu. Maenvulopu a wamakhadi anali oyera mbee, opanda chidindo. Sanapiteko ku America amenewo, ngakhale kupositi ya pakona pomwe sanafikeko.

Zinawapweteka. Munthu kunamiza nkhalamba yodwala kuti izimugula makhadi? Koma akanatani? Atauza amuna awo, iwo anangotembenukira kukhoma n'kuti za eni n'za eni. Atanong'oneza namwino, namwinoyo anawerama mwaulemu wonse, n'kuti sangalankhule za banja la wodwala wina. Anaganizapo zoulula kwa a Isogai eni ake, koma kunali kuwalanda chinthu chokhacho chimene chinkawasekeretsa. Anafunanso kulembera Masato yemweyo, amutukane bwinobwino, koma akanalembera kuti? America ndi wamkulu. Choncho Lachinayi lililonse ankangosenda nachesi, mtima ukuwira.

Sabata imeneyo anali atamva anamwino akunong'onezana kuti a Isogai mwezi wamawa sadzauona. Mkuluyo akupita, mwana wake osadziwa, chifukwa makalata onse ankathera m'kachikwama kakuda.

Wamakhadi atafika, a Isogai analephera kugwira cholembera. Anayesa kawiri, chinagwa. Ndiye anamuuza kuti alembe iyeyo.

"Lemba kuti bambo ako akudwala pang'ono. Pang'ono, wamva? Usamuwopseze, ligi yangoyamba kumene. Unenenso kuti akapeza mpata adzandione, koma asasiye masewero chifukwa cha ine."

Wamakhadi analemba mutu uli pansi. Anaika khadi ndi kalata mu envulopu, a Isogai anaisisita ndi chala, kenako tulo tinawatenga pakamwa pali yasa.

Mayi Tsuruta ankaona zonse pampata wa katani. Munthuyo anadikira pang'ono, anayang'ana kukhomo, natsegula envulopu ija. Kalata anaipinda n'kuika m'thumba la malaya. Khadi analiika pabondo, n'kutulutsa cholembera chabuluu, n'kusaina kamodzi n'kamodzi, osakayika n'komwe. Dzanja linali litazolowera, zoti wachita kambirimbiri zinkachita kuonekeratu.

Mayi amene moyo wawo wonse sanalowererepo nkhani za eni anapezeka atakoka katani. Analankhula motsitsa kuti asadzutse wodwala.

"Bambo, manyazi mulibe? Munthuyu akufa. Akufuna mwana wake, osati dzina lonamizira. Ngati muli ndi mtima, tumizani kalata imeneyo kwa mwini wake. Sitampu ndigula ine."

Wamakhadi sanabise khadilo. Analiuzira kuti inki iume, maso ali pa mkulu wogonayo.

"Kalata yafika kale, mayi," anatero. "Ndinawauzapo katatu kuti Masato ndine. Amakuwa, amati ndine wakuba, ndituluke. Wamakhadi yekha ndiye amamulola kukhala pampandowu."