Ndere Zimene Alufeyo Anasiya Kudulira

Panali munthu wina ku South Bend, ku America, dzina lake Alufeyo. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo akuti zinachitikadi.

Mkazi wake Ida anali namwino. M'nyengo yozizira ya 2014 anaterereka potsika basi n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atamuchita opaleshoni anakhala pakhomo miyezi yambiri. Mwana wawo Kenan anali kukoleji, Alufeyo ankalawirira kuntchito. Ida, munthu wozolowera kuthamanga m'mawodi, anayamba kungokhala duu, chakudya n'kumangolawa.

Mchimwene wake wa Ida, Dixon, ankakhala ku Speedway ku Indianapolis, ndipo ankaweta nsomba za m'madzi amchere m'thanki yagalasi. Alufeyo anapita kukapempha nzeru, ndipo awiriwo anamuikira Ida thanki pabalaza, moyang'anana ndi mpando wake. Anaikamo miyala, makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala yanthambi), tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera, ndi nsomba ina yaikulupo yachikasu.

Dixon anabweretsanso ndere zobiriwira zooneka ngati timphesa.

"Izi zimayeretsa madzi," anatero. "Koma alamu, muzizidulira pafupipafupi. Zikachuluka zimatha kufa zonse pakamodzi, n'kuwononga madzi. Mukadzaona zayamba kuyera, mudzazule tsiku lomwelo."

"Ndamva, alamu."

Thankiyo inam'dzutsa Ida. Nsomba yachikasu ija anaitcha Matironi, chifukwa inkazungulira mbali zonse ngati ikuyendera odwala. Alufeyo akabwera kuntchito ankapeza nkhani zikumudikira: wathamangitsa mnzake ndani, wabisala m'ndere ndani. Ida anayambiranso kudya ndi kuseka.

Tsiku limene Alufeyo anabwera ndi sizasi, Ida anamugwira dzanja.

"Musadule, bambo a Kenan. Kubiriwiraku ndi kumene kumandisangalatsa. Kunjaku kwangoti mbuu."

Alufeyo anayang'ana nkhope ya mkazi wake, n'kubweza sizasi m'dirowa. Za chenjezo la Dixon sanatchule. Ndere zinakula, zinakuta miyala, zinafika mpaka pagalasi. Dixon akaimba foni kufunsa ngati akudulira, iye ankayankha kuti, "Zonse zili bwino, alamu."

Loweruka lina Ida anamuitana.

"Taonani, nsonga zayera. Kodi zikuchita maluwa?"

Alufeyo anadziwa tanthauzo lake. Koma Ida anali akumwetulira, ndiye anaganiza zodzazula Lolemba, mkazi wake akadzapita kukapimidwa kuchipatala.

"Mwina ndi maluwadi," anayankha.

Lamlungu m'mawa anadzutsidwa ndi fungo. Madzi a m'thanki anali ngati otsukira mpunga. Ndere zonse zinali zitayera n'kulefuka. Tinsomba tiwiri tija tinali pamwamba, tikuyasama. Ida anafika ndi ndodo yake n'kuima pambali pake.

Alufeyo anaimbira Dixon.

"Alamu, ndinakunamizani. Sindinadulirepo."

"Zimenezo tikambirana. Muli ndi madzi amchere osakaniza kale?"

"Chidebe chimodzi chokha. Mchere unatha, ndipo kushopu lero n'kotseka."

"Ikani nsomba m'chidebemo, muikemo kapampu ka mpweya. Kenako zulani ndere zonse, musasiye ngakhale kamodzi. Ine ndikunyamuka."

Alufeyo anawola tinsomba tiwiri tija mosavuta. Matironi anali atabisala kuseri kwa miyala, ndipo pomwe ankamupeza anali atagona chammbali. Ida anakokera mpando pafupi ndi chidebe n'kumamuyang'anira monga ankachitira ndi odwala ake. Asanafike Dixon, Matironi anasiya kupuma.

Dixon anafika masana, galimoto itadzaza zigubu. Amuna awiriwo anakapa madzi oipa, kuthira atsopano, kukapanso, mpaka miyala inayamba kuoneka. Makorali ena anafa, ena anapulumuka. Tinsomba tiwiri tija tinayamba kusambira bwino.

Atatha, Dixon anafunsa chimene chinachititsa kuti asadulire. Alufeyo asanayankhe, Ida ndiye anazindikira.

"Achimwene anakuuzani kuti zidzafa?"

"Anandiuza."

"Ndipo dzulo mumadziwa kuti si maluwa?"

"Ndimadziwa. Koma mumaseka, mayi a Kenan. Munakhala nthawi yaitali osaseka. Ndinaopa kukulandani."

Misozi inalengeza m'maso mwa Ida.

"Ine ndinathyoka chiuno, osati mutu," anatero. "Mukanandiuza, ndikanadula ndekha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu zinthu zowawa kuti achire. Mumaganiza kuti ine sindingazimve?"

"Ndalakwa. Ndikugulirani ina yachikasu."

"Ayi, musafulumire. Muzingondiuza zoona basi." Anamugwira dzanja, n'kupeza lili zii ndi madzi. "Tabwerani mukhale apa. Achimwene, tam'patsirani thaulo munthuyu. Tsiku lonse sanadye kanthu."

Alufeyo anakhala pansi, pafupi ndi mapazi a mkazi wake, malaya ali chinyowere. Ida anamupukuta manja chala chimodzichimodzi, akumukalipirabe pang'onopang'ono.

Phunziro: Abale, amene mumamukonda musamubisire zoona poopa kumukhumudwitsa, chifukwa chimene mwabisacho chimapitiriza kukula. Wodwala si mwana, muuzeni ndipo muganizire limodzi. Komanso wodziwa akakuchenjezani kuti chitani lero, chitani lero lomwelo. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene akusamalira odwala pakhomo.